Pulogalamu inafika ku Kalembo, laibulale inatsala mu Downloads

Tinanyamuka pakoleji pano kusanache, Lamlungu lina la mwezi wa Okutobala, anthu atatu, fulashi ili m'thumba la malaya. Ulendo unali wa ku Kalembo m'boma la Balaka, komwe mayi ake a mmodzi wa ife ndi msungichuma wa gulu la banki m'khonde. Kwa miyezi itatu tinakhala tikulemba kapulogalamu kowerengera masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, kuti pofika Disembala, nthawi yogawana ndalama, pasabuke mikangano ija imadza tsamba limodzi la kope likanyowa kapena likang'ambika. Laputopu yomwe tinalemberapo pulogalamuyo inatsala chifukwa mwini wake anali ndi mayeso Lolemba. Sitinadandaule. Tinakopera foda yonse ya pulojekiti pa fulashi, n'kutenga laputopu ya mnzathu wina yomwe inalinso ndi Java komanso Eclipse, pulogalamu yomwe timalemberamo khodi.

Tinatsika minibasi pa Ulongwe, pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, n'kukwera kabaza. Tinapeza amayi atasonkhana kale pansi pa mtengo wa mango, ena atasiya kusosa m'minda mwawo kuti adzaone zomwe ana asukulu abweretsa. Titatsegula pulojekiti, pambali pa dzina lake panaoneka kachizindikiro kofiira. Kuyesa kuiyendetsa, inakana. Uthenga wake unali wakuti fayilo ina yofunika siikupezeka.

"Ndiye makina anuwo akana, ana anga?" anafunsa mayi wapampando.

"Ayi mayi, tikonza pompano," tinayankha. Sitinakonze pompo. Foni inkagwira netiweki mwa apo ndi apo, bandulo yomwe tinali nayo inali ya WhatsApp yokha, ndipo mnzathu wotsala uja anali atazimitsa foni kuti awerenge. Pomwe amatitumizira fayiloyo dzuwa litapendeka, n'kuti amayi atabalalika kalekale.

Vuto limeneli ambiri a ife ophunzira za kompyuta timakumana nalo, kawirikawiri pa tsiku loonetsa pulojekiti kwa aphunzitsi, ndipo timangoti "koma pa laputopu yanga imagwira bwinobwino." Mawuwa amakhala oona. Tiyeni tione chifukwa chake saathandiza.

Palibe amene amalemba pulogalamu yonse yekha. Ife tinafuna kusunga maina ndi ndalama mu database ya SQLite, koma sitinalembe tokha khodi yolankhulana ndi SQLite. Tinatenga yolembedwa kale ndi anthu ena, yomangidwa mu fayilo imodzi yothera ndi .jar. Khodi yobwereka yotereyi ndi imene timaitcha laibulale. Pulojekiti ya wophunzira ikhoza kudalira malaibulale awiri kapena atatu. Pulogalamu yaikulu imadalira mazanamazana, chifukwa laibulale iliyonse nayonso imabwereka kwa inzake.

Mfundo yomwe tinaiphonya ndi iyi: ukauza Eclipse kuti ugwiritse ntchito laibulale, sikuti nthawi zonse imailowetsa m'pulojekiti. Imangolemba kumene laibulaleyo ili. Pali batani lotchedwa Add External JARs, lomwe ndi limene tinadina, ndipo likadinidwa Eclipse imalemba mu kafayilo kobisika kotchedwa .classpath njira yonse yokafikira ku fayiloyo. Yathu inalembedwa kuti ili ku C:/Users/HP/Downloads. Pa fulashi tinanyamula kalozera chabe, katundu weniweni atatsala. Laputopu yomwe tinapita nayo inalibe munthu wotchedwa HP, ndiye njira yonseyo inali yopita kosaoneka.

Njira zolozera fayilo zilipo ziwiri, ndipo Kalembo yemweyo atithandiza kuzisiyanitsa. Chisanafike chaka cha 1998, dera la Kalembo linali m'boma la Machinga, lomwe kalelo linkatchedwa Kasupe. M'chaka chimenecho Balaka inapatulidwa kukhala boma palokha, Kalembo n'kugwera ku Balaka. Midzi sinasunthe, mitengo ya mlambe ili pomwe inali, koma munthu amene analoweza keyala yoyambira pa dzina la boma anapezeka kuti waloweza zolakwika. Pomwe gogo amene amalozera mlendo kuti "mukafika pachigayo mukhotere kumanja, nyumba yachitatu" sanasinthe kalikonse. Kulozera koyambira pamwamba penipeni, monga C:/Users/HP/Downloads, m'Chingerezi amati absolute path. Kumagwira pokhapokha chilichonse cha pamwambapo chikhale chimodzimodzi: chilembo cha disiki, dzina la mwini kompyuta, dzina la foda iliyonse. Kulozera koyambira pomwe waima, monga lib/sqlite-jdbc.jar, amati relative path. Kumeneku kumangofuna kuti foda ya lib ikhale mkati mwa pulojekiti, ndipo pulojekitiyo kaya ili pa disiki C, pa fulashi yomwe lero yatchedwa E mawa F, kapena pa kompyuta ya Linux yomwe ilibe zilembo za madisiki n'komwe, kalozerayo amafika.

Choncho mankhwala oyamba ndi osavuta, mwina n'chifukwa chake timawanyozera. Pangani foda mkati mwa pulojekiti, muitche lib, koperani mafayilo onse a .jar mmenemo, kenako mu Eclipse mudine Add JARs m'malo mwa Add External JARs. Mabatani awiriwa ali moyandikana, amasiyana liwu limodzi lokha, koma loyambalo limalemba njira yoyambira m'pulojekiti. Amene mumagwiritsa ntchito NetBeans, popanga pulojekiti ya Ant pali kabokosi kofunsa ngati mukufuna foda yapadera yosungiramo malaibulale, kachongeni. A Visual Studio, tsegulani fayilo ya .csproj muone mizere ya HintPath: mukaona njira yoyamba ndi C: kapena yokwera kutuluka kunja kwa pulojekiti ndi timadontho tiwiritiwiri tambirimbiri, dziwani kuti tsiku losamuka mudzalira.

Tibwerere ku Kalembo, chifukwa manyazi athu sanathere pa laibulale. Fayilo ija itafika pa WhatsApp, tinaiika m'malo mwake, kachizindikiro kofiira n'kuchoka. Pulogalamu inatseguka, kenako inagwanso. Ulendo uno vuto linali m'khodi yathu yomwe. Pa mzere wolumikiza database tinali titalemba kuti fayilo ya banki.db ili ku C:/Users/HP/Desktop. Maina onse a mamembala ndi masheya a miyezi ingapo, zomwe tinakopera kuchokera pa zithunzi za kope usiku wambiri, zinali pa Desktop ya laputopu yomwe inatsala. Apa tinaphunzira kuti si malaibulale okha amene amalozeredwa. Zithunzi, mafonti, mafayilo a malipoti, database, chilichonse chomwe pulogalamu imatsegula chili ndi keyala yake penapake, ndipo keyala iliyonse yoyamba ndi dzina la munthu ndi msampha.

Pano pali kachinthu kena komwe kamapusitsa ngakhale amene amva kale za relative path. Mukalemba mu Java kuti data/banki.db, pulogalamu siyambira kufunafuna pomwe pali fayilo yake ya .jar ayi. Imayambira pa foda yomwe munali pamene mumaiyendetsa. Mu Eclipse foda imeneyo imakhala ya pulojekiti, ndiye zonse zimaoneka bwino. Wina akaiyendetsa ali pa foda ina, njirayo imaloza kwina. Choipa kwambiri n'chakuti SQLite ikapeza foda ilipo koma fayilo palibe, sidandaula: imapanga database yatsopano yopanda kanthu. Taganizani msungichuma atatsegula pulogalamu m'mawa wa tsiku logawana n'kupeza mulibe dzina ngakhale limodzi. Ndalama sizinasowe, fayilo yeniyeni ili kwina, koma mufotokozere bwanji anthu makumi awiri amene akuyang'anani? Ife tsopano timalemba khodi yofunsa kaye kompyuta kuti foda ya mwini wake ili kuti, n'kusunga database mmenemo, ndipo ikapanda kupeza fayilo yakale imafunsa munthu isanapange yatsopano.

Foda ya lib inatithandiza, koma sitinganene kuti ndiyo njira yabwino koposa. Malaibulale akachuluka imasanduka nkhokwe yosadziwika zomwe zilimo: fayilo iyi inachokera kuti, ndi vesheni iti, ikufunikabe kapena ayi. Anthu a ntchitoyi anapeza njira ina, yomwe m'malo molemba kumene laibulale ili, umalemba dzina lake ndi vesheni yake basi. Ku Java chida chake chodziwika ndi Maven, ndipo mndandandawo umalembedwa mu fayilo ya pom.xml, china ndi Gradle. Ku Python ndi pip ndi fayilo ya requirements.txt. Ku PHP ndi Composer ndi composer.json. Ku JavaScript ndi npm ndi package.json, ku Ruby ndi Bundler ndi Gemfile. Maina ndi ambiri koma nzeru yake ndi imodzi. Zili ngati m'malo monyamula thumba la mankhwala wanyamula chikalata cha dokotala: kulikonse ungapite, wogulitsa mankhwala awerenga dzina ndi mlingo n'kukupatsa omwewo. Pulojekiti ikafika pa kompyuta yatsopano, chidacho chimawerenga mndandanda, n'kukatenga malaibulale ku nkhokwe ya pa intaneti, monga Maven Central kapena PyPI, n'kuwaika pamalo oyenera kompyuta imeneyo.

Mlingo tanenawu ndi wofunika. Mukangolemba dzina la laibulale popanda vesheni, kapena mukalemba kuti vesheni iliyonse yatsopano ndi yabwino, mnzanu amene adzatsegule pulojekitiyo chaka chamawa adzalandira laibulale yosiyana ndi yanu, ndipo zina zomwe munkadalira zikhoza kukhala zitachotsedwa. N'chifukwa chake zida zambiri zimapanga fayilo yachiwiri yokhoma mavesheni enieni a chilichonse, kuphatikizapo malaibulale obwerekedwa ndi malaibulale anzawo: package-lock.json, composer.lock, Gemfile.lock. Tamuonapo wophunzira akufufuta fayilo yotereyi chifukwa ndi yaitali ndipo sanailembe yekha. Imeneyo ndiyo iyenera kuyenda ndi pulojekiti. Yomwe siyenera kuyenda ndi foda ya node_modules kapena venv. Foda ya venv ya Python imakhala ndi njira zonse za kompyuta yomwe inapangidwira, ndiye kuikopera pa fulashi ndi kubwereza kulakwa kwathu kuja mwa mtundu wina. Malaibulale enanso amakhala ndi zigawo zomangidwira Windows yokha kapena Linux yokha. Zoterezi zimapangidwanso mwatsopano kumene mwafikako.

Koma apa ndi pomwe malangizo ambiri a pa YouTube amatisiya panjira, chifukwa olankhulawo amaganiza kuti intaneti ili ngati mpweya. Chikalata cha dokotala chilibe ntchito kumudzi komwe kulibe sitolo ya mankhwala. Tikanapita ku Kalembo ndi pom.xml yokha, yolembedwa bwino kwambiri, Maven ikanayesa kukatenga malaibulale pa netiweki ya kadontho kamodzi ija n'kulephera chimodzimodzi. Kwa ife kuno, njira ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi: mndandanda wa maina ndi mavesheni, komanso katundu weniweni wonyamula. Zida zomwezi zimalola zimenezi, kungoti sitiwerenga. Maven imasunga zomwe yatenga mu foda ya .m2 m'kati mwa foda ya mwini kompyuta. Mukalamula mvn dependency:go-offline muli pa Wi-Fi yapakoleji, imatengeratu zofunika, ndipo foda imeneyo mukhoza kuikopera ku kompyuta ina n'kuyendetsa Maven ndi -o, kutanthauza kuti isafune intaneti. Ku Python, pip download imatsitsira malaibulale mu foda yomwe mwasankha, kenako pip install pamodzi ndi --no-index ndi --find-links imawatenga mmenemo. Chenjezo lake n'lakuti muwatsitse pa kompyuta yofanana ndi ya komwe mukupita. Bundler ili ndi bundle cache, yomwe imaika zonse mu vendor/cache.

Ndipo kunena zoona, amayi a banki m'khonde sankafunika Eclipse. Ife tinanyamula khitchini yonse pomwe anthu ankafuna nsima yophikaphika. Pulogalamu yopita kwa wogwiritsa ntchito iyenera kumangidwa kukhala chinthu chimodzi. Eclipse yomweyo ili ndi njira yotulutsira Runnable JAR yomwe imalowetsa malaibulale onse m'fayilo imodzi. Chotsala ndi Java mwini wake, yemwenso ndi chinthu chodaliridwa ngakhale sitimuwerengera: pulogalamu yomangidwa ndi Java 17 ikaikidwa pa kompyuta ya Java 8 imakana ndi uthenga wa UnsupportedClassVersionError. Ma JDK atsopano ali ndi chida chotchedwa jpackage chomwe chimamanga pulogalamu pamodzi ndi Java wake, kotero kuti wolandirayo sayenera kuika china chilichonse.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za timapulojekiti ta ana asukulu. Ayi ndithu. M'dziko muno muli chitsanzo chachikulu cha pulogalamu yomwe moyo wake wonse ndi kusamuka. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake, omwe ntchito yawo inadzakhala bungwe la Baobab Health Trust, anaika makompyuta ogwira ntchito pokhudza sikirini pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Mu 2006 pulogalamu yawo yosunga mbiri ya odwala olandira ma ARV inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuchoka apo inafalikira m'zipatala mazana angapo. Inamangidwa ndi Ruby on Rails ndi MySQL, ndipo inakonzedwa kuti iziyenda pa seva yomwe ili pachipatala pomwepo, yothandizidwa ndi mabatire magetsi akazima. Mu 2019 ntchito yoisamalira inapita m'manja mwa bungwe la EGPAF. Ganizirani kusamuka kuwiri kumeneku: khodi imodzi kuikidwa pa makompyuta ambirimbiri m'maboma osiyanasiyana, kenako khodi yomweyo kuchoka kwa anthu amene anailemba kupita kwa ena. Pulogalamu yodalira foda ya Downloads ya munthu mmodzi singapirire ngakhale kumodzi kwa kusamukaku. Ena a ife tikamaliza maphunziro tidzalembedwa ntchito yokaika mapulogalamu otere m'zipatala za kumidzi, namwino ndi mzere wa odwala akudikira.

Nayo nkhokwe ya pa intaneti si thanthwe. Pa 22 Malichi 2016, wolemba mapulogalamu wina dzina lake Azer Koçulu, atasemphana ndi kampani ya Kik pa dzina la laibulale yake ina, anachotsa malaibulale ake onse pa npm, opitirira 250. Pakati pawo panali kena kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, kongowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Mapulojekiti akuluakulu monga Babel ankakadalira kudzera m'malaibulale ena, ndipo anthu ambirimbiri padziko lonse analephera kumanga mapulogalamu awo mpaka a npm atakabwezeretsa patapita maola ochepa. Amene anali ndi kope lawolawo la malaibulale sanamve kanthu. Komabe kusunga kope kuli ndi mtengo wake. Mu Disembala 2021 kunalengezedwa za chibowo choopsa mu Log4j, laibulale ya Java yomwe ili m'mapulogalamu osawerengeka. Amene anali ndi mndandanda anangoyang'ana vesheni, kusintha nambala, n'kumanganso. Amene anangoponya mafayilo a .jar mu foda zaka zapitazo anayamba kusakasaka m'makompyuta awo osadziwa ngati ali nayo kapena ayi. Nkhani ziwirizi zikukokera mbali zosiyana, ndipo n'chifukwa chake ife timachita zonse ziwiri: timalemba mndandanda, timasunganso kope.

Za Windows ndi Linux tingonena mwachidule, popeza ambiri timalemba pa Windows koma maseva ambiri ndi a Linux. Windows saona kusiyana pakati pa Logo.png ndi logo.png; Linux amaona mafayilo awiri osiyana, ndipo chimodzimodzi maina a matebulo a MySQL. Windows amalekanitsa mafoda ndi kamzere kopendekera kumbuyo, Linux kopendekera kutsogolo. Musalumikize njira ndi manja. Java ili ndi Paths.get, Python ili ndi pathlib, ndipo zimenezi zimadziwa zochita pa kompyuta iliyonse. Zinthu zomwe zimasiyanadi kompyuta ndi kompyuta, monga pasiwedi ya database, zikhale mu fayilo yakeyake yosalowa mu Git, pambali pake pakhale fayilo yachitsanzo yoonetsa zoyenera kudzaza.

Git tamutchulayu ndi amene amatiulula msanga. Chizolowezi chomwe tatengera ku ulendo uja n'chakuti tisanapite kulikonse ndi pulojekiti, timapita ku labu, kusankha kompyuta yomwe sinaionepo, kuitsitsa kuchokera mu Git kapena pa fulashi, kuzula waya wa netiweki, n'kupempha mnzathu wa chaka choyamba kuti aiyendetse potsatira zomwe talemba mu README yokha, ife manja ali m'thumba. Koyamba zinatitengera madzulo onse. Anapeza chithunzi cha pa tsamba loyamba chikulozabe ku foda ya Pictures ya mnzathu uja, ndiponso laibulale ina yosindikizira malipoti yomwe tonse tinaiwala kuti tinaiikapo. Kuyesa pa laputopu ya amene analemba pulogalamu sikuonetsa zimenezi, chifukwa laputopuyo ili ndi zonse zomwe zikusowa kwina.

Ku Kalembo tinabwererako patatha masabata atatu, ndalama yoyendera titasonkherananso tokha. Ulendo uno pa fulashi panali foda imodzi: pulogalamu yomangidwa pamodzi ndi Java wake, database ili pambali, ndi foda ina ya khodi, pom.xml ndi malaibulale onse, kuti aliyense wodzaikonza m'tsogolo asadzatifunefune. Tinaiika pa laputopu ya mphunzitsi wina wa pasukulu yapulaimale yapafupi, yemwenso ndi membala wa gululo. Inatseguka ulendo woyamba. Amayi anabwera ochepa kuyerekeza ndi poyamba paja, ndipo sitikuwadzudzula. Mayi msungichuma anatsegula kope lawo, n'kutiuza kuti tiwerenge masheya a munthu mmodzimmodzi mokweza, iwo akulondola ndi chala. Pa dzina lachisanu ndi chiwiri manambala anasiyana ndi K2,000. Tinabwerera pa chithunzi cha tsambalo, n'kupeza kuti olakwa ndife: pokopera usiku uja tinadumpha mzere umodzi.

"Kopeli ndisunga ndithu," anatero mayiwo akulitseka. Tinakonza nambalayo, n'kupitiriza ndi dzina lachisanu ndi chitatu.